Mpunga Wosagwidwa Chikasu

Kudambo lina la kummwera kunali munthu wina, mlimi wa mpunga. Munda wake unali wa ndime zinayi m'mphepete mwa ngalande yaikulu, pamalo pamene madzi amayambira kufika asanatsikire kwa ena. Munthuyu sanali waulesi ayi. Mumvetsetse pamenepa, chifukwa mukamuyesa waulesi muiphonya nkhani yonse. Anzake akamatuluka m'nyumba, iye anali atalowa kale m'matope. Anzake akamaweruka, iye anali akadali chiweramire.

Mbewu imene ankalima inali ya makolo. Anamusiyira ndi bambo ake, iwonso anailandira kwa bambo awo. Unali mpunga wautali msinkhu, wa maso aataliatali, wonunkhira moti mkazi wake akautereka pamoto, odutsa m'njira ankachita kucheuka. Ogula ankapalasa njinga kuchokera kutali, akumufunsa pomutchula dzina. Ndiye munthuyo ankayenda m'dambomo mapewa ali m'mwamba.

Kumunsi kwa munda wake, kungodumpha kamtumbira ka malire, kunali ndime ziwiri za mayi wina wamasiye, a Nachanza. Iwowa ankalima mpunga waufupi umene anaulandira kwa alangizi a zaulimi. Sunkanunkhira kwenikweni, ndipo maso ake anali aafupiafupi. Tsiku lina pamsonkhano wa alimi panabuka mkangano wa madzi. Munthu uja anaimirira, naloza a Nachanza pamaso pa onse, nati, "Madzi tisamawonongere mpunga wa nkhuku."

Anthu anaseka. A Nachanza ananyamuka. Anangomanga bwino chitenje chawo n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo awiriwo sankapatsana moni, ngakhale kuti tsiku ndi tsiku ankawerama moyandikana, wina uku, wina uko.

Kenaka kunabwera chikasu.

Chinayambira pangodya ya ndime imodzi, patangopita masabata ochepa atawokera mbande. Masamba anatuluka timadontho tachikasu. Timadonthoto tinakula, tinalumikizana, mpaka tsamba lonse linasanduka ngati lawauka ndi moto. Mapata a mpunga anasiya kukula, anangoti njo pamene analipo. Munthuyo anayang'ana, napukusa mutu, nati mumtima, nthakayi ili ndi njala. Anagulitsa mbuzi zake ziwiri, nagula feteleza, namuwaza munda wonse. Udzu unanenepa. Mpunga unakhalabe wachikasu. Ngala zina zinatuluka mwatheka, zina zinakanirira m'kati osatuluka n'komwe. Pokolola, mkazi wake ankati akapeta, zouluka ndi mphepo zinkachuluka kuposa zotsala m'lichero.

Munthuyo anati, "Chaka sichifanana ndi chinzake." Ziputu za mpunga anazisiya m'munda monga mwa masiku onse. Zinaphukanso, iye n'kumati mphukirazo mwina zimupatsako kangachepe kowonjezera.

Chaka chachiwiri chikasu sichinadikire n'komwe. Chinaonekera mbande zikadali ku nazale. Apa munthuyo anayamba kuyang'anitsitsa, ndipo anaona tizilombo tating'ono touluka, tonyezimira pamsana, tikukanda masamba. Anati, eya, adani anga ndawapeza. Anagulitsa njinga, nagula mpope wopopera ndi mankhwala. Mpope uja anaubereka kumsana m'mawa ndi masana, ndime iyi, ndime iyo, miyendo ikumira m'matope mpaka m'mawondo. Malamba anamudula m'mapewa mpaka zilonda. Chifuwa chinamugwira. Tizilombo tinafadi, koma pakangopita masiku awiri tina tinkatuluka m'udzu wa m'mbali mwa ngalande, n'kudzatera pomwe panafera anzawo.

Ndiye anayamba kuzula. Phata lililonse lodwala ankalizula, kulinyamula pachifuwa, kudutsa nalo pakati pa mpunga wabwino kukataya kumtunda. Ankasisita masamba ndi manja kuti aone ngati ayamba kudwala. Sankadziwa, wosaukayo, kuti madzi a tsamba lodwala akakhudza tsamba lokalika, matenda alowa. Manja ake omwe, miyendo yake yomwe, zinkagawa chikasu m'munda. Pofika nthawi yotulutsa ngala, ndime zonse zinayi zinali psuu.

Chaka chimenecho ogula aja anabwera, anayang'ana, anabwerera ndi matumba opanda kanthu. Ana ake awiri anawatumiza kukakhala kwa amalume awo, chifukwa pakhomo chakudya sichinkakwana.

Koma chimene chinkamuwawa koposa njala ndi ichi: akakweza maso kuyang'ana kuseri kwa kamtumbira kaja, mpunga wa a Nachanza unali biriwiri. Madzi omwewo, mphepo yomweyo, dzuwa lomwelo. Kuno psuu, uko biriwiri.

Mtima wa munthu wotopa suchedwa kupeza mfiti. Anayamba kunong'oneza anzake kuti mayi aja pali chimene akudziwa. Chaka chachitatu anakweza mtumbira wa malire mpaka m'chiuno. Anadula mitengo ndi bango, namanga mpanda pakati pa munda wake ndi wa a Nachanza, ngati kuti matenda amaopa mpanda. Anasintha polowera madzi. Anachotsa nazale pamalo akale n'kukaiika kutali. Ankatsuka khasu, ankaletsa anthu kudutsa m'mundamo, ankathamangitsa ng'ombe za eni ake ndi zibuma. Ntchito imene anagwira chaka chimenecho ikanakwanira amuna atatu.

Chikasu chinabweranso.

M'mawa wina anafika kumunda, naima m'mphepete, osalowamo. Anakhala pansi pamtumbira umene anaukweza yekha, khasu lili pambali. Anayang'ana manja ake, ong'ambikang'ambika, zikhadabo zitadyeka ndi matope. Sanalire, sanakwiye. Mphamvu zolirira kapena zokwiyira zinali zitamuthera. Anangokhala duu, dzuwa likumuwomba pamutu, mbalame zikutera m'mundamo iye osaziingitsa, pakuti munalibenso choti zidye.

Mkazi wake anamupeza pomwepo. Anakhala naye pambali. Kenaka anati, "Bambo, mbuzi zinapita, njinga inapita, ana ali kwa eni. Chatsala n'chiyani choti mugulitse? Pitani mukafunse kwa a Nachanza."

Iye anati, "Ine? Kwa amene aja?"

Mkaziyo anati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Sabata yomweyo kunabwera munthu wina wa kumtunda amene ankafuna malo m'dambomo. Anamuuza kuti akamusiyira mundawo, amupezera ntchito ya ulonda m'tauni. Tsopano njira zinali ziwiri pamaso pake: kusiya munda wa makolo ake n'kumapita, kapena kudumpha mpanda umene anamanga yekha n'kukapempha kwa munthu amene anamuchititsa manyazi. Ndipo ndikuuzeni zoona, kusiya munda kunamuonekera kopepuka. Kutauni palibe amene akanadziwa zimene analankhula pamsonkhano paja. Palibe amene akanamuona akuwerama.

Kawiri konse ananyamuka kulowera kwa a Nachanza, kawiri konse anabwerera panjira. Ulendo woyamba anati mwina sali kumunda. Ulendo wachiwiri anawaona ndithu ali chiweramire, koma anakhotera kungalande n'kumanamizira kusamba m'manja. Anakonza mawu ambiri mumtima, ena odzikhululukira, ena oti pajatu tsiku lija ndimangoseka. Onsewo akawayesa pakamwa ankamveka opanda pake.

Ulendo wachitatu anapita alibe mawu. Anazungulira mpanda uja, naima pamalire, navula chipewa.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

A Nachanza anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anali moni woyamba m'zaka zinayi.

"Ndaswera. Kaya inu, bambo?"

"Ine ndatopa," anatero munthuyo. "Ndinakulakwirani pamaso pa anthu, ndinakunenerani zoipa kumbali. Ndatopa, mayi. Ndiuzeni chimene mumathira m'munda mwanu."

A Nachanza anati, "Palibe chimene ndimathira. Lowani mudzaone."

Analowa. Kuchokera kutali mpungawo unkaoneka wosalala ngati palibe chinaukhudzapo. Koma atawerama pafupi anadabwa. Tizilombo tonyezimira tija tinali mbwee, monga m'munda mwake momwe. Masamba anali okandikakandika, ena odyedwa m'mbali, ena okalika ndi mphepo. Panalibe phata limene linalibe bala.

Anati, "Kani tizilomboti kunonso timafika?"

A Nachanza anati, "Timafika tsiku lililonse. Ndi matenda omwe timabwera nawo."

Pamenepo anamufotokozera zimene iwo anamva kwa alangizi. Chodwalitsa mpungacho si tizilombo touluka tija ayi, ito timangonyamula. Chodwalitsa chenicheni ndi kanthu kochepetsetsa, kosaoneka ndi maso, kamene kalibe mankhwala opopera. Pakokha sikangachite kanthu. Kamalowera pabala, ndipo kakalowa kamafuna pogwira m'kati mwa mbewuyo kuti kaswane n'kuyenda thupi lonse. Mumpunga wina kamapapeza pogwirapo, mbewuyo n'kumakadyetsa ndi mphamvu zake zomwe mpaka kufa nako. Koma mumpunga uwu kamalowa, kamafunafuna, osapapeza. Kamathera pomwe kaloweramo.

Munthuyo anaima chilili, madzi akumuzizira m'miyendo. Anakumbukira mbuzi, njinga, zilonda za m'mapewa, mitengo ya mpanda imene anasenza pamutu. Zaka zitatu anakhala akulondera kunja, pamene khomo linali m'kati mwa mbewu imene ankainyadira.

Anafunsa motsitsa mawu, "Mungandigaireko? Chogulira ndilibe, koma ndikhoza kukulimirani ndime zanu zonse."

A Nachanza anati, "Inenso ndinangolandira, bambo. Sindinagule. Mubwere ndikakolola."

Atakolola anamuyezera ndowa yodzaza. Koma anamuuza chinthu chimodzi: ziputu zakale zonse azizule ndi kuzitentha, chifukwa mphukira zija ndi m'mene matenda amagona kudikira chaka china, ndipo akachuluka kwambiri amatha kufooketsa ngakhale mbewu yolimba.

Imeneyi inali ntchito yowawa kuposa zonse. Mphukirazo zinali zachikasu, inde, zopinimbira, koma zinali mpunga wa bambo ake. Anazizula limodzilimodzi, naziunjika, nazisiya ziume. Tsiku loyatsa moto anaima ndi machesi m'manja nthawi yaitali. Atayatsa anatembenuka, sanafune kuyang'ana. Kunyumba kunali kathumba ka mbewu yakale kamene ankasunga padenga. Anakatsitsa, napatsa mkazi wake, nati, "Mupunthe, muphike." Anadya awiriwiri.

Mvula itagwa anafesa mbewu yopempha ija. Mbande zinamera, anawokera, zinagwira. Patapita masabata atatu tizilombo tinafika. Anationa tikutera, tikukanda masamba. Patsamba lina anaonapo kadontho kotuwa. Anathamangira kunyumba kukatenga mpope, koma ali m'njira anakumbukira kuti anali ataugulitsa kale kuti agule chimanga. Anabwerera wefuwefu, nakhala pamtumbira. Panalibe choti achite. Panalibe choti agulitse, panalibe choti amange, panalibe woti amunene.

Mawa lake anapita kukayang'ana tsamba lija. Kadontho kanali pomwepo, sikanakule. Mkuja wake chimodzimodzi. Itatha sabata, phata lomwelo linatulutsa masamba atsopano, obiriwira, ndipo linayamba kuphuka ana m'mbali.

Sikuti ntchito inatha ayi. Ankapalirabe, ankatchetchabe udzu wa m'ngalande, ankayang'anirabe madzi. Koma inali ntchito ya mlimi, osati nkhondo ya munthu wothedwa nzeru. Masana ena mkazi wake pomubweretsera madzi akumwa anamupeza ali gone pansi pa mtengo, chipewa chili kumaso, akuliza mkonono dzuwa lili paliwombo. Sanamudzutse. Anali asanamuonepo akugona tulo totere chiyambire chikasu.

Anakolola. Sanalemere ayi, ndipo ogula akutali aja sanabwerenso kudzamufunsa pomutchula dzina. Koma mpunga unalowa m'nyumba wokwanira chaka. Anatuma uthenga kwa amalume kuti ana abwere. Mitengo ya mpanda anaizula, naimanga mtolo, nakaitula pakhomo pa a Nachanza kuti ikhale nkhuni.

Abale ndi alongo, fanizoli ndalinena chifukwa ndikayang'ana m'nyumba muno ndikuona anthu otopa. Sindikuona aulesi. Ndikuona anthu amene alimbana ndi chinthu chimodzi zaka ndi zaka. Wina ndi mkwiyo. Wina ndi mowa. Wina ndi nsanje, wina ndi lilime, wina ndi chilakolako chimene sangachitchule ngakhale kwa mnzake wa pamtima. Mwayesa zambiri. Munasintha njira yopitira kumsika kuti musadutse pamalo paja. Munasiya kucheza ndi auje. Ena munasamuka mudzi umene. Chaka chikamayamba mumalumbira kuti ulendo uno basi, koma mwezi usanathe mwagweramonso. Ndiye mumayamba kuloza ena: akanakhala kuti mkazi wanga salankhula chonchi, akanakhala kuti anzanga sandiitana, akanakhala kuti ndinabadwira pena.

Mverani. Malinga tili m'dziko lino, mayesero adzafika. Amafika kwa m'busa, amafika kwa mkulu wa mpingo, amafika kwa mayi uja mumamuona ngati alibe vuto. Mukamuyandikira mudzapeza kuti nayenso ali ndi mabala, nayenso ananyozedwapo, nayenso anaferedwa, nayenso woipayo amamunong'oneza. Palibe mpanda umene ungakutchingireni zonsezi. Nkhani si yakuti choipa chafika kapena sichinafike. Nkhani ndi yakuti chikalowa, chikupeza chiyani m'kati mwanu. Mawu achipongwe akagwera mumtima wonyada amapeza pogwira, amaswana, amayenda thupi lonse mpaka munthu osagona. Mawu omwewo akagwera mumtima umene Mulungu waupanga watsopano amapweteka ndithu, bala limaoneka, koma amathera pomwepo.

Mtima woterewu simungaupange nokha. Mlimi angalimbike chotani, sangasinthe chimene chili m'kati mwa mbewu yake. Ayenera kulandira ina. Ndipo chovuta n'chakuti woti atipatse ndi Yemweyo amene takhala tikumunyoza, amene tinayesa njira zake zachabechabe, amene takhala naye pafupi zaka zonsezi osamupatsa moni. N'chifukwa chake ambiri amasankha kutaya zonse, banja, mpingo, moyo umene, kusiyana n'kugwada. Ndipo akatipatsa, adzatiuza kuti titenthe zakale, ngakhale zimene timati ndi mtundu wathu, ndi mmene tinabadwira, kwathu timatero.

Choncho lero sindikupatsani ntchito ina yoti mukawonjezere pa zimene mwasenza kale. Mwasenza zokwanira. Musaimirire kulonjeza kanthu pamaso pa Mulungu, pakuti malonjezo anu onse akuwadziwa, ndi mmene anathera akudziwanso. Ingomuuzani kuti mwatopa, ndipo mupemphe.